"Bola ikuyaka" ndi bodza, ndipo tonse tikulivomereza

Pali mawu awiri amene ndikulakalaka titasiya kuwalankhula: "bola ikuyaka." Mwawamvapo. Mwina mwawanenapo nokha ku hostel, tsiku lija munalowetsa mawaya a ketulo mu soketi n'kuwapanikiza ndi timitengo ta machesi. Ine ndinawamva komaliza pa tchuthi chapitachi, pamchenga wa ku Chembe, ku Cape Maclear, nditaima pafupi ndi boti la amalume anga. Chiyambire tsiku limenelo sindiwatenganso ngati nthabwala. Nkhani yake ndi ya kachipangizo kakang'ono ngati njere ya mpunga, kotchedwa diode. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuyasamula. Dikirani kaye.

Boti la amalume ndi la matabwa, lotalika pafupifupi mamita 9, la injini yomangirira kumbuyo. Masana limanyamula alendo kupita ku zilumba za Thumbi ndi Domwe. Nthawi zina limabwerera kutada, ndipo masiku ena limagona pamadzi litaponya nangula. Lili ndi nyali zitatu: yofiira kumanzere, yobiriwira kumanja, ndi yoyera pamwamba pa kamtengo, yooneka mbali zonse. Zonsezi zimayatsidwa ndi switchi imodzi ya malo atatu. Mukaikankhira pa NAV, ndiye kuti muli paulendo, nyali zonse zitatu ziyenera kuyaka. Pakati ndi pozimitsa. Mukaikankhira pa ANC, ndiye kuti mwaponya nangula, iyenera kuyaka yoyera yokha.

Tsiku lina nyali yoyera inasiya kuyaka pa NAV, koma pa ANC inkayaka bwinobwino. Amalume anaitana mmisiri wina amene amawakonzera injini. Bamboyo anatsegula kuseri kwa switchi, n'kupeza kanthu kakuda kopserera kali pakati pa miyendo iwiri ya switchiyo. Anakadula ndi pulayazi, n'kuika kawaya wamba m'malo mwake, n'kukulunga ndi tepi. Anakankhira pa NAV, nyali zonse zitatu zinayaka. "Mwaona, bwana? Kanthu aka n'kongokometsera. Bola ikuyaka." Analandira yake, ulendo.

Chimene sanachite n'kukankhira switchi mbali inayo. Ndinakankhira ndine madzulo ake, ndipo pa ANC nyali zonse zitatu zinayakanso. Amalume anaseka n'kunena kuti apindula, chifukwa tsopano boti likuwala kwambiri. Ine ndikuti sanapindule kalikonse. Mmisiriyo anawasiyira boti lonama, ndipo ndikufuna ndifotokoze chifukwa chake ndikugwiritsa ntchito mawu olemera chotere.

Nyali za boti si zounikira njira ngati za galimoto. Woyendetsa saona nazo chilichonse. Ntchito yake n'kuuza munthu wina, amene ali kutali mumdima, zinthu zitatu: pano pali boti, likuyenda kapena laima, ndipo laloza uku. Malamulo opewera kugundana kwa zombo, otchedwa COLREGs, amene mayiko anagwirizana mu 1972 ndipo anayamba kugwira ntchito mu 1977, amafotokoza zimenezi mwatsatanetsatane. Nyali yofiira ndi yobiriwira iliyonse imaoneka pa madigiri 112.5, kuchokera kutsogolo kwenikweni mpaka kupitirira pang'ono m'mbali mwa boti. Madigiri 135 otsala kumbuyo saona mtundu uliwonse. Boti la injini losafika mamita 12, ngati la amalume, limaloledwa kuyenda ndi nyali ziwiri zam'mbalizo pamodzi ndi yoyera imodzi yooneka mbali zonse. Likaponya nangula, lizimitse zam'mbali, itsale yoyera yokha. Malamulowa analembedwera nyanja zikuluzikulu za mchere, koma tanthauzo la mitunduyi ndi limene woyendetsa sitima aliyense wophunzitsidwa amalidziwa, kaya ali ku Durban kaya ali ku Monkey Bay.

Tsono apa ndi pamene pali ngozi. Maboti awiri a injini akamadutsana njira, malamulo omwewo amati amene ali ndi mnzake kudzanja lake lamanja ndiye apatuke. Usiku zimenezi zimamveka mosavuta: ukaona yofiira ya mnzako, patuka ndiwe. Ukaona yobiriwira, iyeyo ndiye ayenera kukupatukira, ndipo iwe ukuyenera kusunga njira yako ndi liwiro lako kuti usamusokoneze. Taganizirani tsopano boti la amalume litaponya nangula pafupi ndi Domwe, anthu ali m'tulo, injini yazima, koma nyali yobiriwira ikuyaka. Woyendetsa boti lina akubwera chakumanja kwake. Akuona yoyera ndi yobiriwira. Zimene anaphunzira zikumuuza kuti boti ilo lili paulendo ndipo lindipatukira. Sasintha njira. Akuyembekezera kuti munthu amene ali m'tulo akhote. Adzazindikira kuti botilo silikusuntha mtunda utatsala wochepa, ndipo tingopemphera kuti ukhale wokwanira. Onani bwino: amene akupusitsidwa apa ndi woyendetsa wodziwa ntchito yake, amene akutsata malamulo. Kawaya kamodzi kasandutsa kudziwa kwake kukhala msampha.

Nanga diode inkachita chiyani pamenepo? Switchi yamtunduwu imatumiza magetsi a batire ku mwendo umodzi pa nthawi imodzi: wa NAV, umene umadyetsa nyali zam'mbali, kapena wa ANC, umene umadyetsa yoyera. Vuto n'lakuti nyali yoyera ikufunika ponseponse. Mukangolumikiza miyendo iwiriyo ndi waya, magetsi amayenda uku ndi uku, ndipo malo awiri a switchi amasanduka amodzi. Diode imalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha. Ikaikidwa pakati pa miyendo iwiriyo, magetsi a NAV amawolokera ku nyali yoyera, koma a ANC sangabwerere ku nyali zam'mbali. Ntchito yake ndi yomweyo basi. Ikapsa n'kuduka mkati, yoyera siyaka pa NAV, ndiye kuti amene akubwera kumbuyo kwanu, m'madigiri 135 aja, saona chilichonse. Ikapsa n'kugwirana mkati, imakhala ngati waya wamba, ndipo boti loima limaoneka ngati loyenda. Mmisiri uja anachotsa vuto loyambalo poika lachiwiri ndi manja ake, n'kulipiritsa.

Nditafotokozera anzanga ena nkhaniyi titabwerera ku sukulu, anandipatsa mayankho amene ndikufuna ndiwayankhe pano, chifukwa ndi omwewo amene amateteza "bola ikuyaka" kulikonse.

Loyamba ndi la amalume: nyali zikachuluka, boti limaoneka bwino, ndiye vuto lili pati? Vuto n'lakuti kuoneka kokha sikokwanira. Amene anaionapo nyanja yathu usiku wopanda mwezi akudziwa mmene imadzazira ndi nyali zoyera za asodzi a usipa. Pakati pa nyali zonsezo, yofiira ndi yobiriwira ndi zokhazo zimene zimasiyanitsa boti loyenda. Tikayamba kuziyatsa pa maboti oima, zidzatha mphamvu, ndipo tsiku limene boti loyendadi lidzazionetsa, palibe adzazikhulupirire. N'chimodzimodzi ndi dalaivala wa minibasi amene amayenda indiketa ikuphethira kuchokera ku Limbe mpaka ku Zomba. Nyali yake ikuyaka ndithu, koma palibe amene akudziwa ngati akhotadi.

Lachiwiri: "Panyanja pathu ndani amadziwa malamulo amenewo? Ambiri amayenda opanda nyali n'komwe." N'zoona kuti mabwato ambiri alibe nyali zotere. Koma mfundo imeneyi ikutsutsa mwini wake. Amene sadziwa mitunduyi, nyali yonama simuchitira kanthu. Amene amaidziwa ndi oyendetsa zombo zikuluzikulu, monga Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira mu 1951, ndi ena onse amene anaphunzira ntchito ya pamadzi. Chombo chachikulu sichiima ngati njinga. Choncho bodza la nyali limapita ndendende kwa munthu amene chombo chake chingakuphwanyeni. Ngati mulibe nyali zam'mbali, yatsani yoyera yokha, woyendetsa wanzeru adzakutalikirani chifukwa sakudziwa chimene mukuchita. Koma mukamuonetsa yobiriwira, mwamulonjeza kuti mupatuka.

Lachitatu ndi limene limandipweteka kwambiri, chifukwa limavala nkhope ya chifundo: "Anthu ndi osauka, asiyeni azikonza mmene angathere." Tiyeni tiwerengere limodzi. Babu la 10W pa batire la 12V limakoka pafupifupi 0.8A. Likayaka maola 10 usiku, latenga pafupifupi 8Ah. Mababu atatu otere amatenga pafupifupi 25Ah. Ndiye kuti usiku uliwonse umene boti lagona pa nangula, kawaya kaja kakudya batire katatu kuposa mmene ziyenera kukhalira. Batire la asidi likamatsitsidwa kwambiri kawirikawiri silikhalitsa, ndipo mtengo wa batire latsopano mukuudziwa. Diode yoyenera mtengo wake sufika ngakhale wa lita imodzi ya petulo, ndipo okonza mawailesi ndi ma TV amakhala nazo. Ndani tsono akumuchitira chifundo wosaukayo? Amene wamusiyira batire lomafa msanga, kapena amene wamuuza kuti apite kwa wokonza mawailesi? Umphawi ulipodi, koma pano sunalowepo. Chinasowa ndi munthu wofunsa kuti kanthu kakuda kaja kanaikidwiranji.

Lachinayi linachokera kwa mnzanga wa m'kalasi, ndipo lili ndi nzeru: bwanji osachotseratu diode n'kugula switchi ya magawo awiri, imene gawo lina limadyetsa nyali zam'mbali, lina yoyera? Ndikuvomereza. Switchi yotere, ya miyendo isanu ndi umodzi, imagwira ntchito yomweyo popanda diode, ndipo nyali yoyera simataya 0.7V imene diode ya silicon imadya. Maboti ambiri analumikizidwa motero. Sindikupembedza diode ayi. Amene wachotsa diode n'kuika switchi yotere wamvetsa funso n'kuliyankha mwanjira ina. Amene wachotsa diode n'kuika waya sanalimve n'komwe funsolo.

Pofika pano mwina mukuganiza kuti nkhaniyi ndi ya mwana wa ku yunivesite amene akunyoza mmisiri wa kumudzi. Ndikanakonda zikanakhala zophweka choncho. Mverani zimene ndinachita ine.

Ndinauza amalume kuti ndikonza. Ndinakwera galimoto kupita ku Monkey Bay, n'kupeza diode kwa wokonza mawailesi. Ndinabwera nayo monyadira, n'kuchotsa kawaya kaja, n'kuilumikiza. Pa NAV, yoyera sinayake. Pa ANC, zonse zitatu zinayaka. Ndinali nditaphatikiza mavuto onse awiri pa boti limodzi, chinthu chimene ngakhale mmisiri uja sanakwanitse. Amalume anandiyang'ana kwa kanthawi n'kunena kuti, "A injiniya, fizi yonse ija ndi imeneyi?"

Ndinaiika chozondoka. Ine amene ndinakhoza mayeso a p-n junction, amene ndikhoza kukujambulirani girafu ya mmene magetsi amadutsira mu diode ndili m'tulo, sindinkadziwa kuti kamzere kotuwa kozungulira mbali imodzi ya diode yeniyeni kamasonyeza cathode, mbali imene magetsi amatulukira, ndipo kayenera kuloza ku nyali yoyera. Pa pepala ndinaijambula kambirimbiri. M'manja ndinali ndisanaigwirepo ndekha popanda wina kundiuza poika. Ndipo multimeter inali m'chikwama changa nthawi yonseyi. Ndikanaika pa chizindikiro cha diode n'kugunditsa mawaya ake, ikanandionetsa pafupifupi 0.5 kapena 0.6 mbali imodzi ndi OL mbali inayo, nkhani n'kutha m'masekondi khumi. Sindinayeze chifukwa ndinkadziona ngati ndikudziwa. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya pamaso pa ana onse a pagombe.

N'chifukwa chake mkwiyo wanga waukulu uli pa ife, osati pa mmisiri uja. Iye sanaphunzitsidwepo za diode. Amadziwa injini kuposa mmene ine ndidzaidziwire, ndipo anachita zimene maso ake anamuuza. Ife tinaphunzitsidwa, ndi ndalama za makolo ndi za ngongole, koma timabwera kumudzi ndi mayina a zinthu okhaokha. Timanyoza ntchito zazing'ono ngati izi, timati ndi za amisiri, ife tikudikira ntchito ya mu ofesi yokhala ndi laputopu. Kenako timadandaula pa Facebook kuti dziko lino zinthu sizikonzedwa bwino. Adzazikonza ndani? Amene ali ndi manja sanapatsidwe chifukwa chake, amene anapatsidwa chifukwa chake safuna kudetsa manja, ndipo awiriwa akakumana pagombe amangonyozana.

Ndiponso "bola ikuyaka" tili nayo yathu. Ndi pulogalamu ya pakompyuta imene yayenda kamodzi pamaso pa aphunzitsi ndipo sitinaiyesenso ndi manambala ena. Ndi lipoti la mu labu limene manambala ake tinawasintha pang'ono kuti agwirizane ndi buku. Ndi pulojekiti ya chaka chomaliza imene inagwira ntchito tsiku loionetsa lokha. Nthawi zonsezi timakankhira switchi mbali imodzi, n'kuona kuwala, n'kulandira malikisi. Mmisiri uja sanachite china chosiyana ndi chimenechi. Kusiyana kwake n'kwakuti ife tidzapatsidwa milatho, zipatala ndi ndalama za anthu.

Tsiku lotsatira ndinayambiranso, ulendo uno modzichepetsa. Ndinayamba ndi funso limene tonse awiri, ine ndi mmisiri, tinalilumpha: diode yoyamba ija inapsa chifukwa chiyani? Zinthu sizipsa popanda chifukwa. Nditatsegula nyali yoyera ndinapeza yankho. Wina, kalekale, anaikamo babu la galimoto la 21W m'malo mwa laling'ono limene linalimo. Babu lotere limakoka pafupifupi 1.75A. Diode yopsayo, poona kukula kwake, inali ya mtundu wa 1N4007 kapena abale ake, imene malire ake ndi 1A. Onjezani kuti babu la kawaya kowala likamayatsidwa lili lozizira limakoka magetsi ochuluka kangapo kwa kamphindi kochepa. Diode ija inkagwira ntchito yoposa mphamvu zake usiku uliwonse mpaka inatopa. Amene anaika babu lalikulu uja nayenso, mosakayika, ananena kuti bola ikuyaka. Ndikanangoika 1N4007 ina, ngakhale moyenera, bwenzi amalume akuitananso mmisiri pakapita miyezi ingapo, ndipo bwenzi mmisiriyo akuoneka wolondola ponena kuti kanthuko n'kachabe.

Mwamwayi wokonza mawailesi uja anandipatsanso 1N5408, yokulirapo, ya 3A. Ndinachotsa waya wa batire kaye. Ndinaiyeza diodeyo mbali zonse ziwiri. Ndinabwezeretsa babu la 10W. Mbali yopanda kamzere ndinailumikiza ku mwendo wa NAV, ya kamzere ku mwendo wa ANC. Sindinapotokole mawaya ndi zala n'kukulunga tepi, chifukwa pa boti chinyezi ndi kugwedera kwa injini zimamasula zolumikiza zotere. Ndinawotcherera, n'kuveka kapaipi kapulasitiki kamene kamafinyika kakatenthedwa, n'kumangirira mawaya kuti miyendo ya diode isamanyamule kulemera kwawo. Ndinaonanso fyuzi, chifukwa ndinayamba kukayikira chilichonse, ndipo ndinasangalala kupeza kuti inali fyuzi yeniyeni, osati kawaya kena.

Kenako tinachita chimene chinayenera kuchitika tsiku loyamba lija. Kutada, amalume anakhala pa switchi, ine ndinalowa m'bwato la mnyamata wina n'kuzungulira botilo patali. Pa NAV: kutsogolo ndinaona zonse zitatu, kumanzere yofiira ndi yoyera, kumanja yobiriwira ndi yoyera, kumbuyo yoyera yokha. Pa ANC: yoyera yokha mbali zonse. Pakati: mdima. Kuyesa konseko sikunathe mphindi 15.

Mmisiri uja anabwera patapita masiku awiri kudzaona injini. Ndinkaopa kuti akhumudwa, koma nditamuonetsa multimeter ndi mmene manambala amasinthira ukatembenuza diode, anaitenga n'kuyesa yekha kanayi. Anafunsa ngati ndi kanthu komweko kamene kamakhala mu chaja cha injini, ndipo ndinamuuza kuti inde, rectifier imapangidwa ndi ma diode. Anati wakhala akusintha ma rectifier kwa zaka zambiri osadziwa chimene chili mkati. Kenako anandionetsa mmene amadziwira vuto la kabuleta pongomvera kulira kwa injini, ndipo ine ndinaima pamenepo ngati mwana wa Sitandade 1. Anandifunsa kuti, "Achimwene, zimenezi kusukulu kwanu sakuphunzitsani?" Ndinalibe choyankha.

Sindikunena kuti aliyense wa ife akhale wokonza maboti. Ambiri a inu mukuphunzira zamalamulo, zaulimi, zachuma, zaunamwino. Pempho langa ndi laling'ono. Mukapeza kanthu kamene simukukamvetsa pakati pa ntchito ya munthu wina, kaya ndi kachipangizo, kaya ndi ndime ya mu mgwirizano, kaya ndi mzere wa mu fomu, musakadule musanadziwe chifukwa chake kanaikidwa. Chikawonongeka, funsani chimene chachiwononga musanasinthe. Ndipo mukamaliza, yesani malo onse a switchi, osati okhawo amene anakuitanirani.

Tchuthi chikubwerachi, pitani kwa mmisiri wa kwanuko ndi multimeter kapena chilichonse chimene maphunziro anu anakupatsani. Musapite kukamuphunzitsa. Pitani mukagwire naye ntchito, ndipo muvomereze kusekedwa mukaika chinthu chozondoka. Amalume mpaka lero amanditchula kuti "a injiniya" ndi kamawu kachipongwe. Koma boti lawo likagona pa Domwe usiku uno, nyali imene ikuyaka ndi imodzi, yoyera, ndipo woyendetsa aliyense wodutsa pamenepo akudziwa kuti alizungulire.